Limba la ku Kasenengwa linkangopuma

Lachisanu lapitali ndinapalasa njinga kuchoka kuno ku Fort Jameson kupita ku Kasenengwa, ku ukwati wa mwana wa mlongo wanga. Akhristu akumeneko anasonkha mtedza n'kugula limba kwa mzungu wina wolima fodya amene ankabwerera kwawo, ndipo linkayenera kulira koyamba pa ukwatiwo.

Ndinapeza amuna atalizinga m'tchalitchi, thukuta lili kamukamu. Alamu anga a Tembo, otsogolera nyimbo, ankaponda zopondera zake ndi mphamvu zonse, zala zikuyendayenda, koma limba linkangopuma ngati ng'ombe yotopa.

Wina anati mwalowa khoswe. Wina anati tithiremo mafuta a njinga. A Tembo anali atasolola kale mpeni woti atsegulire kumbuyo.

“Alamu, mzunguyo sanasiye pepala lililonse?” ndinafunsa.

“Kabuku kalipo, koma n'kachingerezi. Mawa tingolinyamula pamitengo, akalione abambo kumishoni.”

“Ukwati ndi mawa lomwelo. Nanga mkwatibwi alowa ndi nyimbo yanji?”

Kabukuko anakasunga ndi mlongo wanga, m'bokosi la zovala. Tinakhala pakhonde ndi aphunzitsi a pamudzipo, kuwerenga mothandizana, mawu ovuta tikulumpha. Tsamba lachiwiri linali ndi chithunzi cha timitu tozungulira tomwe tandandalika pamwamba pa limba. Akuti tikokedwe kaye kuti mphepo ipeze njira.

A Tembo anakoka kamodzi, naponda. Limba linabangula mpaka nkhuku za pakhomo kubalalika. Amayi amene ankasinja chimanga anasiya misi n'kuyamba nthungululu, ndipo alamu anga anaseka mpaka misozi. M'mawa mwake mwana wathu analowa m'tchalitchi ngati mfumukazi.

Abale anga, masiku ano zinthu zatsopano zikutipeza: mapulawo, makina osokera, nyale zopopa. Chilichonse chimabwera ndi kapepala kake. Ife kapepalako timapichira fodya, kenaka n'kuyenda mtunda wautali kukadandaula kwa mwini sitolo kuti watigulitsa chakufa.

Inde, safunsa anadya phula. Koma woyamba kumufunsa si amene anachipanga chinthucho? Iye anayankha kale, mayankho ake n'kutiikira m'bokosi momwemo. Ngati chingerezi chavuta, m'mudzi simusowa munthu amene anapitako kusukulu.

Tandiuzani, kapepala ka pulawo yanu kali kuti, kapena kanapita kale ndi utsi?