Chitseko cha Bafa Chopita ku Chionetsero

Tisavutane, woyambitsa zonsezi ndine. Ndinamasula mahinjesi a chitseko cha bafa la papuloti pathu ku Ndirande, eni nyumba, a Nampota, ali mkati akusamba uku akuimba nyimbo ya kwaya. Nditangochikhudza, chitseko chinagwa n'kuthyoka pakati, azimayi ali pamzere pampopi. Mpaka lero ndikakumbukira liwiro la mdala uja, sopo ali m'maso, ndimaseka ndekha.

Iwo sanaseke. "Mayi a Yami, sankhani. Mwanayu achoke, apo ayi mutuluke nonse m'nyumba mwanga."

Nyumba yalendi ku Ndirande sataya chifukwa cha mwana. Mayeso a Fomu 4 ndinali nditalemba kale, ndiye amayi anaimbira foni malume a Feston ku Lilongwe, ine n'kukakwera basi ku Wenela.

Malume amapanga masitandi, timanyumba tija makampani amaonetseramo katundu pa chionetsero cha zamalonda. Atamva mlandu wanga anangoti, "Kuphwasula umatha kale. Ndiye theka la ntchito limenelo." Masitandi awo alibe msomali ngakhale umodzi: mafelemu a nsungwi, matabwa olowetsana, zikhomo zamtengo. Chionetsero chikatha timazula zikhomo, kusanja m'lole, ulendo wina kampani ina, kungosintha nsalu ndi dzina. Anzathu ena amakhoma misomali, kupenta, sabata ikatha n'kugumula n'kutaya. Malume amati kumeneko n'kuphika ndiwo n'kutaya poto.

Ntchito ndinaikonda, koma Lilongwe ayi. Kwathu ukasochera umangoyang'ana phiri. Uko ndi fumbi basi. Ndinkagona m'wekishopu pakati pa nsungwi, wopanda woseka naye. Tsiku lina ndinathira guluu mu nsapato ya mmisiri wina, iye anangovala patapata n'kupitiriza ntchito, osatukwana n'komwe. Ndinatsala pang'ono kulira. Kandalama kanga ndinkatumiza pafoni, amayi n'kuyankha kuti, "Zafika. Usavute." Ndikafunsa za bafa ankati, "Tinapachika chiguduli. A Nampota amasamba akutsokomola kuti anthu adziwe kuti muli munthu. Dzina lako safuna kulimva."

Kenaka panabwera chionetsero cha ku Chichiri, ndipo ndinabwerera ku Blantyre nditakhala pamwamba pa matabwa m'lole. Tsiku lotseka, pageti panadzaza anthu ndi mawilibala, kudikirira matabwa otayidwa. Pakati pawo, amayi.

"Mwabwera kudzandiona?"

"Iwe ndakuona kale. Ndabwera kudzatola chitseko."

Matabwa a masitandi ena anali atalandidwa kale ndi anyamata amphamvu. Amayi anafika pamalo pathu n'kupeza pansi pali mbee, zonse zili m'lole.

"Achimwene, ndiye mwakolola zonse? Ngakhale kathabwa ka mlongo wanu?"

"Achemwali, zathuzi sititaya."

"Nanga ife timange ndi chiyani?"

Malume anakanda m'mutu n'kupita kukakangana ndi dalaivala. Ine ndinasolola thabwa lakutsogolo, losalala ngati galasi, n'kulisenza. Amayi anaona, koma mwadzidzidzi anachita chidwi ndi mitambo.

Panjira m'pamene maso ananditseguka. Ndinakulira mu Ndirande koma sindinkaona. Okala ya pakona, khoma lake ndi theka la chikwangwani cha feteleza. Khola la nkhuku la aneba lili ndi nkhope ya mayi womwetulira atanyamula mafuta ophikira, chadodolido. Ngakhale chitseko ndinathyola chija chinali ndi mawu akuti "Takulandi", "rani" wake ali pakhomo lina. Zimene malume amati nzeru zatsopano, Ndirande anayamba kalekale, kungoti alibe lole.

Thabwa lija ndinaliika pabafa ngati chitseko madzulo omwewo. A Nampota anatsegula, kutseka, kutsegulanso.

"Mahinjesi ali kuti?"

"Palibe, bambo. Ndi zikhomo."

"Ndiye kuti sungamasule?"

Ndinangoyang'ana pansi mwaulemu. Zikhomo sizifuna ngakhale sikuludiraiva.

"Chabwino," anatero mdala. "Uzibwera pakhomo pano. Koma ine ndikamasamba, iwe uzikhala kumsika."

M'mawa malume anatulukira, ataona mpata m'lole. Anayang'ana chitseko, n'kuyang'ana mlongo wawo atapinda manja pachifuwa. Kuzula anaopa. Mlandu unagwera ine.

"Thabwali ndi la sitandi," anatero malume, "pano langobwerekedwa. Chionetsero chilichonse cha mu Blantyre muno, uzilisenza pamutu kuchoka pano mpaka ku Chichiri, chikatha uzilibweza. Wapansi. Minibasi ayi."

Ndalisenza kale. Khosi limawawa, ndipo anyamata a pamsika amakuwa kuti, "Bafa likupita ku feya!" Ine ndimangowabayibitsa. Amayi akadali m'nyumba mwawo, ine ndimalowa papuloti masanasana. Ndipo sabata yonse ya chionetsero mabwana a masuti amayedzamira thabwa lonunkhira sopo wa a Nampota, pamene ku Ndirande mwini sopoyo akusamba kuseri kwa chiguduli, akutsokomola. Chilango chokoma chonchi, bwenzi atandipatsa kalekale.