Pikapu ya Malume Inandisiya kwa Apongozi

Malume anga anali ndi pikapu yoyera imene Ndirande yense ankaidziwa, osati chifukwa cha kukongola ayi, koma chifukwa panalibe mwamuna wa m'dera lathu amene sanaikankhepo. Batire yake inali yotheratu. Mukapotokola kiyi, inkangoti ke-ke-ke, kenako zii. Hutala inkalira ngati mbuzi yachimfine, ndipo pokhota malume ankangotulutsa mkono pawindo. Akauzidwa zogula batire ina, ankayankha kuti vuto ndi mawaya. Ankatsuka mitu ya batireyo ndi madzi otentha, n'kuigogoda ndi sipanala, tsiku lina mpaka anaiyanika padzuwa.

Nzeru yawo inali imodzi: kuimika galimoto pamtsetse, mphuno kuloza kumunsi, mwala kutayala. Blantyre ndi wa zitunda, ndiye malume ankadziwa mtsetse uliwonse kuyambira kumsika mpaka ku Machinjiri. Ngakhale kutchalitchi ankaimika kutali, kumanamizira kuti akufuna kuwongola miyendo.

Ndiye linafika tsiku lokaonekera kwawo kwa chibwenzi changa ku Soche, malume ali ankhoswe anga. Kunena zoona ndinali ndi mantha. Bambo ake a mtsikanayo anali munthu wa mu ofesi, wovala tayi ngakhale Loweruka, ndipo ndinali nditamva kuti sankafuna mkamwini wa ku Ndirande. Ndinapempha malume kuti tikwere minibasi. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Ankhoswe a galimoto, anatero, amalandiridwa ndi manja awiri.

Tinagwirizana zoimika kunja, pamsewu wotsetsereka. Koma titafika tinapeza geti lili chitsegukire, bambowo ataima pomwepo, akutikodola mwaulemu kuti tilowe mpaka pansi pa mtengo wa mapeyala, pamthunzi, posalala ngati thebulo. Mlendo angakane bwanji malo aulemu? Malume analowa. Injini anaisiya ikulira kwa kanthawi, mpaka mayi a m'nyumbamo anayamba kutsokomola ndi utsi. Manyazi anapha lambe. Malume anazimitsa.

Za m'nyumbamo sindikumbuka zambiri. Ankhoswe ankakambirana, ine maso ali pawindo. Bambowo anandifunsa za ntchito ndi za mpingo, osamwetulira ngakhale pang'ono, ndipo potuluka sindinadziwe ngati andilola kapena andikana.

Anatiperekeza banja lonse. Malume anakwera mwachifumu, n'kupotokola kiyi. Ke-ke-ke. Anayesanso. Zii. Anatsika, natsegula boneti, nayamba kufotokoza za mawaya. Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Ndinavula jekete yobwereka, n'kuigwira galimotoyo kutsogolo, poti inayenera kutuluka chafutambuyo, ndipo pageti panali kachitunda. Ndinakankha ndekha, nsapato zikuterereka, galimoto osasuntha. Kenako ndinaona tayi ikulendewera pambali panga. Anali bambo aja, manja a malaya atapinda. Anabweranso malume a mtsikanayo, mayi aja atamanga chitenje, ngakhale mtsikanayo mwini wake, akuseka mpaka misozi.

Titaifikitsa pamsewu n'kuilozetsa kumunsi, malume anga ali pachiwongolero, inathamanga, inadumpha kawiri, n'kulira. Koma malume ankadziwa kuti akangoima izimanso. Anatulutsa mkono pawindo, kutsanzika, ulendo wa ku Ndirande. Ine anandisiya pamsewu, thukuta kamukamu, malaya akuda ndi utsi, pakati pa anthu amene ndinkawaopa.

Bambowo anayang'ana galimotoyo mpaka inakhota, akupumira m'mwamba. Kenako ananditembenukira.

"Akwanu akusiyani," anatero. "Basitu, ndinu wathu. Tiyeni mukasambe m'manja, achimwene, tiyi akuzizira."

Ndinatola jekete ija pansi n'kuwatsatira.