Chofunda Chimene Amayi Anakana

Tsiku limenelo tinkakumba mbatata ya kachewere kudimba. Unali mwezi wa Juni, kwathu ku Angonia, tsidya lija la malire. Ndinali mtsikana wosatha msinkhu. Amayi anali ndi khasu, ine ndinkatola, ndipo mlongo wanga Tadeyo, mwana wongoyamba kumene kuyenda, ankadya dothi pamzere. Atate anali atapita kuchigayo.

Mfuti zinayamba kulira cha kusitolo. Poyamba ndinayesa kuti wina akukhoma malata. Kenako tinaona utsi, ndipo mbuzi za eni ake zinadutsa m'dimba mwathu zikukoka zingwe. Amayi anaponya khasu, nabereka Tadeyo. Kunyumba sitinabwerere. Dengu la mbatata ndinalisenza mpaka kumtsinje, kumene Amayi anandiuza kuti ndilitaye. Ndinamanga zochepa pansonga ya chitenje.

Utsi uja unkachokera mbali ya kuchigayo. Palibe amene anatchula za Atate.

Tinayenda m'mapiri pamodzi ndi anthu ena a m'mudzi, tikupewa misewu. Mbatata tinkadya zaziwisi chifukwa moto ukanationetsa. Amene anagonapo panja m'mapiri amenewo nyengo yachisanu akudziwa mmene mame amaumira pa udzu. Tinali ndi zitenje ziwiri zokha, cha Amayi ndi changa. Tadeyo anayamba kutsokomola tisanafike kumalire. Pofika, chifuwa chake chinkalira ngati kamphaka.

Kumbali ya Malawi anatisonkhanitsa pabwalo la sukulu ina cha ku Dedza. Makalasi anali atadzaza kale, ife tinapeza malo pakhonde. Namwino anamvetsera pachifuwa cha Tadeyo, nati ndi chibayo. Anapereka mankhwala, nalamula kuti mwanayo asazizidwe ngakhale pang'ono.

Madzulo omwewo kunabwera galimoto ya zofunda. Zinali zosokedwa ndi manja, zigamba zolumikizalumikiza, m'kati muli thonje. Ankati zachokera kwa amayi a mipingo ya kunja. Banja lililonse linkalandira chimodzi. Ena analandira zamaluwa, ena za timizere. Chathu chinali chakuda, chokhuthala kuposa zonse, ndipo pakati pake panali mtanda waukulu.

Ndiyenera kunena apa ntchito ya Amayi kwathu. Kutchalitchi chathu kunali nsalu imodzi yakuda, ya mtanda pakati, yofunditsa bokosi la maliro. Pamanda ankaichotsa kuti idzagwirenso ntchito kwa wina. Amene ankaichapa ndi kuisunga anali Amayi. Ankaiyanika kuseri kwa nkhokwe, kutali ndi zovala zathu, ndipo ife ana sitinkaloledwa kuikhudza.

Amayi anatambasula chofundacho, anachiyang'ana, anachipindanso.

"Mwana wanga akupuma," anatero. "Sindingamufunditse nsalu ya maliro."

Anapita kwa bambo amene ankagawa zofundazo kukapempha china. Bamboyo sanali woipa. Anali atatopa, ndipo zofunda zinali zitatha. "Mayi, amenewa ndi madalitso," anatero. "Amene anasoka anakupemphererani." Mayi wina pamzere ananena mokweza kuti wopempha sakulitsa chitete. Amayi anayenda khonde lonse kufuna wosinthana naye. Aliyense akaona mtandawo ankakokera chake pafupi. Mayi wa chitete ujanso anakana.

Ine ndinachitembenuza kuti mtanda ukhale kunsi. Ulusi unali utajambula mtanda womwewo kuseri kwake. Ndinayesa kudula ulusiwo ndi mano, koma misoko inali yothithikana. Lero ndine telala, ndipo ndikunena mosabisa kuti wosokayo ankaidziwa ntchito. Amayi anandilanda chofundacho, nachiika patali, pansi pa zenera. Anavula chitenje chawo, anatenganso changa, namufunditsa Tadeyo zonse ziwiri. Anamugoneka pakati pa ife awiri. Chofunda chokhuthala chija chinakhala pomwepo, chopindidwa bwino.

Ndikukamba izi chifukwa cha zimene zachitika chaka chino kuno ku Dzoole, kumene ndinakwatiwa. Amayi a mpingo wathu tinagwirizana zosoka zofunda za zigamba, zokapereka kwa anthu ofika kumene ku Dzaleka, othawa nkhondo ngati mmene ndinalili ine. Aliyense anabweretsa zitenje zakale. Mukuzidziwa zitenje za ife amayi a mpingo: za misonkhano, za zikondwerero, za mavesi, za mitanda. Zinadzaza tebulo. Amayi busa anakondwa. "Mawu akafike kumene ife sitifika," anatero.

Ine ndinati ayi, ndipo sindinanene mofatsa. Ndinati kumeneko kuli Asilamu, kuli a mipingo imene sitiidziwa, kuli anthu amene anaona zoopsa, ndipo sitikudziwa kuti chizindikiro chimene chimatitonthoza ife chimawakumbutsa chiyani iwo. Ndinati chofunda ana amakodzerapo. Mayi woopa Mulungu sangalole mwana kukodzera pa dzina la Yesu. Adzachipachika pakhoma, mwana n'kumafunda thumba la feteleza.

Anachisale, anzanga amene timasinthana nawo makina, anandiseka. "Inu Anaphiri, mtanda mwayamba kuuopa liti? Kapenatu mwasintha mpingo osatitsanzika?" Kenako anasiya kuseka. Anati amayi awo, podwala komaliza kuchipatala, anakana bulangeti, ankafuna chitenje chawo cha vesi basi. Zimenezo n'zoona, ndinalipo. Koma gogoyo chitenjecho anachisankha yekha. Munthu wa pamzere sasankha, amalandira chimene chafika m'manja.

Sitinamvane kwenikweni. Nsalu za mitanda ikuluikulu anazipatula, zoti tidzasokere okalamba a mumpingo mwathu momwemo. Za mavesi zinatsala. Ine ndimasoka za maluwa ndi za nsomba zokha, ndipo ena akunong'ona kuti Anaphiri akuchita manyazi ndi Uthenga. Zimandiwawa, chifukwa ndakalambira mumpingomo. Za Tadeyo sindinawauze. Ndikuzinena pano kuti inu ana, amene mudzakhale pamakina ife titapita, muzidziwe.

Pakhonde la sukulu paja tinakhalapo masiku angapo. Tadeyo anasiya kulira, kenako anasiya kuyamwa. Anamwalira m'mawa, dzuwa litangoyamba kufika pakhonde, anthu ali pamzere wa phala.

Sindikudziwa ngati chofunda chija chikanamupulumutsa. Namwino anati chibayocho chinali chitakula kale. Mwina ankangotitonthoza. Ndakhala ndi mkwiyo zaka zonsezi, osadziwa womukwiyira. Amayi ankateteza mwana wawo mmene ankadziwira. Mayi wakutali uja anasoka ndi mtima wake wonse, osadziwa kuti kwathu nsalu yotere imafunditsa ndani.

Matabwa a bokosi kunalibe. Amayi anapita okha pansi pa zenera, anatenga chofundacho, namukulungamo. Anachikonza kuti mtanda ukhale pamwamba, monga ankachitira kwathu. Pamanda bambo wina anafunsa ngati achichotse, popeza chinali chatsopano ndipo amoyo ankazizidwa. Amayi anati chipite naye.

Amayi anali ndi akulu awo okwatiwa kumapiri a Ntchisi. Uthenga tinali titautumiza kale kudzera mwa woyendetsa lole ya mbatata, Tadeyo akadali ndi moyo, wakuti tikubwera ndi mwana wodwala. Lole yomweyo inadzatitenga paulendo wake wotsatira. Inatitsitsa ku Mponela, kotsalako tinayenda pansi. Panjira panalibe mfuti. Anthu ankakolola chimanga, ndipo ena anatipatsa nzimbe. Amayi ankayenda mowerama pang'ono, ngati akadaberekabe.

Atate sitinawaonenso. Patapita zaka munthu wina wakwathu anatiuza kuti pachigayo paja sipanatuluke munthu.

Amayi aakulu anationa tikukwera chitunda cha kunyumba kwawo. Anatsika mothamanga, atanyamula kabulangeti kakang'ono kamene anakonzera mwana. Anakumbatira Amayi, ndipo dzanja lawo linapita kumsana kukalandira Tadeyo. Linapeza msana wokha. Anatembenuka, anandifunditsa ine kabulangetiko m'mapewa, ndipo tinakwera kunyumba.