Mvuu ya Maboma Awiri

Dzulo wailesi imati mayiko a m'mbali mwa nyanja yamchere agwirizana zoteteza anamgumi, ati akutha. Ndinaitseka. Namgumi sindinamuonepo ndipo sanandilakwire, koma ndikangomva kuti maboma agwirizana pa nyama, mtima umandiwira. Ndinaziona ndili mtsikana, nthawi ya Chitaganya.

Kwathu kunali kufupi ndi Tamanda, pamalire penipeni. Chaka chimenecho mvula inadula chimanga chikumasula, moti nkhokwe sinafike ndi pakati pomwe. Maso athu onse anali pa dimba la bambo kudambo. Ankathirira mpaka mapewa kusupuka, ndipo chimanga chinakula chosiririka.

Kenako kunatulukira mvuu, imodzi yokha, yosochera. Kugona inkagona m'dziwe la tsidya, ku Nyasaland, koma kudya inkadyera kwathu. M'mawa tinkangopeza mapazi ake ngati pakamwa pa mtondo, chimanga chitametedwa.

Bambo anapita kuboma pa njinga yobwereka. Mzungu woyang'anira nyama, polankhula kudzera mwa womasulira, anati mvuu zatsala pang'ono kumtunda kuno. Iye ndi mnzake wa ku Nyasaland anali atapangana kuti woikhudza aliyense, kaya wa kuno kaya wa uko, aona zakuda.

"Nanga ana anga adya chiyani, bwana?" anafunsa bambo.

"Muziimba zitini," anayankha womasulirayo.

Tinaimba zitini mpaka manja kutupa. Mvuu inkangotiponyera diso, n'kupitiriza kudya. Maboma awiri amene ankakankhirana ngakhale ntchito yokonza kamlatho ka pamtsinje wathu, pa chinyama chimenechi anasanduka a ponda apa nane mpondepo. Ndinkadana nayo mvuuyo, koma iwo ndinkadana nawo koposa.

Bambo atatopa anakumba mbuna panjira yake, n'kuzikamo zisonga. Mvuu inalambalala. Amesenjala sanalambalale. Anabwera awiri, wa kuno ndi wa uko, n'kuwagoneka bambo pabwalo, n'kuwakwapula ndi chikoti mudzi wonse ukuonerera. Amayi anandiphimba kumaso ndi nsalu yawo, koma makutu anamva zonse.

Dimba linatha psiti. Bambo sankayang'ananso munthu kumaso. Mabala atapola anati, "Amake mwana, pano pandikana. Ndikayese ntchito ku Walale." Ananyamuka ndi kabulangete kamodzi.

Sipanapite nthawi, mvuu ija inalowa mu nazale ya fodya pafamu ya mzungu wina. Tsiku lomwelo mfuti inalira. Ku Nyasaland sanakafunseko, ndipo zoti mvuu zatsala pang'ono zija palibe anazikumbuka. Nyama inapita kwa antchito a pafamu. Chikopa anachidula mizeremizere n'kuyanika, paja zikoti zimachokera ku chikopa cha mvuu.

Tsiku lina masana, mesenjala wa kuno uja anaima pakhomo pathu napempha madzi. M'khwapa anali atapanira chikoti chatsopano, chonyezimira mafuta. Amayi anamupatsa madziwo atagwada.

"Mayi, mdani wanu uja ndi uyu," anatero, akugwedeza chikoticho uku akuseka. "Awuzeni abambo abwerere, dimba lawo lapulumuka."

Amayi analandira chikho chija anamwera. Anazungulira kuseri kwa nyumba n'kuchiswa pamwala. Kowauzira bambo sitinkakudziwa, ndipo mpaka lero sindikudziwa kumene anagona.