Uthenga wa Maliro M'ola la a Lyford

Elube Namakhwa anabadwira ku Utale, m'banja la alimi amene makolo awo anachokera ku Mozambiki ndi mitolo pamutu. Sukulu anailekera panjira. Mwamuna anamutengera kutsidya la Shire, kwa Mposa, ndipo banja litatha iye anatsala komweko ndi ana awiri, kamunda ka mpunga, ndi Chiyao chimene anatola pachitsime. Chiyaocho n'chimene chinamulowetsa pa wailesi ya m'deralo. Kuwailesiko ankafuna munthu wowerenga mauthenga m'zinenero ziwiri, wosafunsa malipiro.

Wailesiyo ili m'kanyumba kamene kale kanali golosale. Makoma anawamata matileyi a mazira kuti mawu asamamveke ngati a m'mgolo. Onse ogwira ntchito pamenepo ndi ongodzipereka. Amabwera akaweruka kumunda, ena matope akadali m'zidendene. Popeza Elube sajomba, anamusenzetsa ntchito yogawa nthawi ya mapulogalamu, ntchito yodanitsa. Ashehe amafuna Lachisanu lonse. Abusa a mipingo yonse amafuna Lamlungu m'mawa, pa nthawi imodzimodzi. Achinyamata amafuna nyimbo basi. Elube amamvetsera onsewo, n'kugawa monga amagawira nyama yochepa pa ukwati, ndipo aliyense amachoka akung'ung'udza.

Koma chomudyetsa mutu chenicheni chinali mabatire. Wailesiyo imayendera magetsi a dzuwa, ndipo mabatire ake anali atatopa. Mitambo ikangophimba phiri la Chikala, kanyali kofiira kamayaka pakhoma, posakhalitsa mawu zii.

Anayesa zambiri. Makalabu a omvera anasonkha chimanga, anankafumbwe n'kuchidya wogula asanapezeke. Anayenda ulendo wa ndawala wopemphetsa mpaka ku Liwonde, koma oyenda anachuluka kuposa opatsa, ndipo pobwerera onse anafuna chakudya. Anayamba kulipiritsa moni. Asodzi a ku Chiuta ankatumiza matemba ouma m'malo mwa ndalama.

"Kodi batire amagula ndi matemba?" Elube anafunsa tsiku lina a Sidik, wapampando wa komiti.

"Landirani, chemwali. Wopatsidwa sasankha."

Kenaka kunatulukira a Lyford, mwini shopu ya mbewu ndi feteleza ku Balaka. Anafuna ola limodzi Loweruka lililonse m'mawa mpaka mvula yodzalira, kuti azitsatsa katundu wawo. Akatero adzapereka mabatire atsopano. Lamulo lawo linali limodzi.

"M'ola langa musalowe maliro. Munthu akamva kuti uje wamwalira, mtengo wa mbewu amauiwala. Ine sindigulitsa mabokosi."

A Sidik anavomera msanga. A Lyford atachoka, Elube anawatsekera pakhomo.

"A tcheya, inu ndinu Msilamu. Maliro a kwanu sagona, mukudziwa. Wamwalira m'mawa, dzuwa likapendeka mwaika. Uthenga ukafika m'ola limenelo nditani?"

"Ola limodzi si chaka. Azidikira."

Masabata anadutsa bwinobwino. Elube ankafika mbandakucha Loweruka lililonse, kuzimitsa chilichonse chodya magetsi, ngakhale foni za anzake pa chaja, kuti ola la a Lyford lisadukize.

Loweruka lomaliza a Lyford anabwera okha kudzalankhula. Mabatire anali kumbuyo kwa galimoto, akadali m'makatoni, kuyembekeza kujambulitsa chithunzi chowaperekera pakutha pa pulogalamu. Wodzawalumikiza anali woti afika madzulo kuchokera ku Liwonde. Kumwamba kunali bii kuyambira dzulo lake, ndipo pulogalamu isanapite patali kanyali kofiira kanayaka.

Ndiye pamene panafika a Hamadi, bambo wachikulire wa m'mudzi wina wa kwa Mposa, njinga ili matope okhaokha. Anagogoda pawindo. Elube anaika nyimbo n'kutuluka.

"Mlongo wanga Ayisha watisiya m'mawa uno," anatero a Hamadi, akupuma wefuwefu. "Tiika ikatha swala ya Alasiri, dzuwa litapendeka. Mwana wake Bilali ali ku Chiuta, kumisasa ya asodzi. Foni kumeneko sigwira. Koma wailesi yanuyi amaitsegula posoka maukonde. Akamva tsopano n'kukwera njinga yamoto, apeza mayi ake asanalowe m'manda."

Elube analowa n'kugwada pafupi ndi mpando wa a Lyford.

"Bwana, ndi mawu ochepa chabe. Kanyali aka kakayaka chonchi sititha ola. Tikadikira, uthengawu sutuluka."

"Mayi, tinagwirizana kapena sitinagwirizane? Lero ndiye tsiku lotchula mitengo. Uzani madalawo akhale pakhonde."

"Akhala pakhonde wailesi itazima."

"Ndiye chifukwa chake ndabweretsa mabatire! Mukufuna kukama ng'ombe mukuimenya?"

Elube anayang'ana a Sidik, amene anakhala pabenchi ya pakona. A Sidik anali kupukuta magalasi awo ndi nsonga ya mkanjo, ndipo anapukutabe.

Nyimbo inatha. A Lyford anakonza kukhosi. Elube anasuzumira pawindo, n'kuona makatoni aja m'galimoto, ndi a Hamadi ataima pamvula yowaza, chipewa chili m'manja. Anakokera maikolofoni kwa iye.

"Pepani omvera, tili ndi uthenga wa maliro."

Anawerenga m'Chichewa, kenaka m'Chiyao, n'kubwereza dzina la Bilali ndi la mudzi kuti amene wamva akamuuze. Pomaliza anabwezera maikolofoni kwa a Lyford. Iwo anali ataimirira kale.

"Zikomo kwambiri," anatero. "Muzipempha kwa omwalirawo."

Galimoto inalira. Elube anaika nyimbo ina, ndipo isanafike pakati wailesi inazima.

Bilali anafika. Amene anapita kumaliroko akuti anatsika panjinga anthu atanyamula kale jeneza, machira a maliro, ndipo anaika phewa lake. A Sidik analiko, ndipo anthu anawagwira chanza kuthokoza wailesi yawo. Anazilandira zikomozo.

Pamsonkhano wa komiti zinali zina. Anati Elube wathamangitsa mlendo wabwino, wadula pangano, ndipo apite ku Balaka akapepese. Iye sanatsutse. Anagulitsa nkhuku kuti apeze yokwerera minibasi, n'kupita.

A Lyford anamulandira bwino, mpaka kumupatsa mpando. Anati alibe mangawa, kungoti pulogalamu anaipititsa ku wailesi ina ya m'tauni, kumene amadziwa kusunga mawu. Polankhulapo anatsegula firiji n'kumutulutsira chakumwa chozizira. Magetsi anali atathima m'tauni monse, koma firijiyo inkalira. Elube anatsata waya ndi maso mpaka pansi pa kauntala. Mabatire aja anali pamenepo, atawatulutsa m'makatoni.

Anamwa, chifukwa ludzu linalipo, n'kutsanzika.

Dzinja limenelo wailesi inkayankhula dzuwa likawala, ndipo dzuwa linkawala mwa apo ndi apo. Abusa anakwiya, ashehe anakwiya, achinyamata anasiya kubwera. Elube ankafikabe m'mawa, kusesa, n'kukhala pakhonde kuyang'ana mitambo. Anthu ankabwera ndi mauthenga awo: mbuzi yasowa, mwana wasochera, agogo atisiya. Iye ankawalandira, n'kuwauza kuti lero sizitheka.

Bambo wina wochokera kutali, atamva zimenezo, anapsa mtima.

"Ndiye wailesi yanji imeneyi? Bwanji osagula mabatire?"

Elube analoza njinga ya bamboyo.

"Muli ndi njinga, bambo," anatero. "Yambanipo ulendo mukawauze nokha, mvula isanakule."