Amalume anadikira foni ya ku Kanada

Amalume amati bwenzi la mng'ono wanga Esinati ndi munthu wamwano. Wolakwa ndine.

Mnyamatayo amagwira ntchito ku Kanada, ndipo anafuna kudzionetsa kwa amalume pa vidiyo, pa foni yanga kuno ku Bangwe. Iye anati, "Alamu, ndiimba Loweruka 12 koloko masana nthawi ya kuno. Tikusiyana maola sikisi."

Ndinachita manyazi kufunsa ngati ndiwonjezere kapena ndichotsere. Ndinaganiza kuti kunja ali patsogolo pa zonse, ndiye ndinachotsera. Pofika 6 koloko m'mawa amalume, amene anachokera ku Mulanje dzulo lake, anali atakhala kale pampando ndi jekete lawo.

Foni zii. Esinati akulira kuchipinda, ine mwana kumsana ndikuzungulira bwalo. Masana ndinazindikira kulakwa kwanga, koma pakamwa panangotuluka, "Ndi netiweki, amalume."

"Netiweki mpaka 3 koloko? Ameneyo asadzaponde pakhomo panga!" Anakakwera minibasi.

6 koloko madzulo foni inalira, mnyamata ali mu suti. Ndinati amalume adwala.

Mwezi wamawa mnyamatayo akubwera, ndipo amalume akukanabe kumuona. Ndawaimbira katatu kuti ndiulule. Akangoti "Halo," ndimafunsa za chimanga.