Chaka Chomwe Ndinalimbana ndi Madzi a ku Kanyama

Ndikukumbukira khoma la pabalaza m'nyumba yathu ku Kanyama. M'nyumba za anthu ena makolo amalemba pakhoma msinkhu wa ana awo kuti aziona mmene akukulira. Amayi anga ankalemba msinkhu wa madzi. Dzinja lililonse likatha, madzi ataphwa m'nyumba, ankatola khala pa mbaula n'kujambula kamzere pomwe matope analekeza. Mizereyo inalipo isanu ndi inayi, ndipo madzi ankakula bwino kuposa ine. Ine ndinali wokwinimbira, pomwe iwo chaka ndi chaka ankawonjezera chala chimodzi kapena ziwiri.

Nyumbayo anamanga ndi agogo anga aamuna, obala atate. Anachoka ku Ntcheu wapansi, ulendo wa ku Joni kumigodi, alibe mapu, akungofunsa njira kwa anthu omwe nawonso sankaidziwa. Atafika mu Lusaka n'kuona njanji ndi nyumba yosanja, anatula katundu n'kuthokoza Mulungu kuti afika. Anakhala zaka zitatu akudabwa kuti mgodiwo uli pati. Izi sindikuwonjezera ngakhale mchere. Pomwe ankazindikira kuti kuno si ku Joni, n'kuti atakwatira kale ndiponso ataumba njerwa. Malo omangapo anawasankha m'chilimwe. Mbiri yonse ya banja lathu ili m'mawu amenewo.

Amene sanakhaleko ku Kanyama m'mwezi wa Febuluwale sangamvetse. Mabedi tinkawakweza pa mabuloko. Kusukulu tinkapita nsapato zili pamutu, tikudumpha pamiyala yomwe anthu ankandandalika m'njira. Achule ankalowa m'nyumba osaodira, ndipo mmodzi anakhala nafe nthawi yaitali moti amayi ankamuwerengera pogawa ndiwo. Tsiku lina atate anapeza mlamba m'gambuti yawo ya kumanzere. Tinaudya. Wokayika akafunse mlongo wanga, ndiye anadya mutu.

Komabe ine nyumba imeneyo ndinkaikonda, ndipo ndinkaikonda kwambiri ikakhala m'madzi. Ana anayi tonse tinkaunjikana pabedi limodzi ngati pachilumba, miyendo itapiringizana. Amayi ankaika mbaula pamwamba pa tebulo n'kumakazinga zitumbuwa, utsi wa makala ukusakanikirana ndi fungo la khoma lonyowa. Dzuwa likalowa pawindo linkagunda pamadzi n'kumavina kudenga. Palibe ankatumidwa kulikonse, popeza kunalibe poponda. Mpaka lero ndikanunkhiza bulangete lachinyezi, mtima umandiuza kuti ndili kwathu.

Atate anali telala, ndipo iwo za chilumbazo sankazimva. Makina awo osokera anali olemera ngati ng'ombe yakufa, ndipo chaka chilichonse ankayenera kuwasenza kuwakweza pamwamba. Chaka chomwe ndinalowa giledi 10, madzi anawoletsa lamba wa makinawo ndi nsalu ziwiri za eni ake. Atate anaima pakati pa balaza, thalauza atapinda mpaka m'mawondo, n'kuika chala pa mzere watsopano womwe amayi anali atangojambula.

"Chaka chamawa manzi yakapitilila apa, tikuka. Tiyenda ku Matero."

Manzi ndiwo madzi, kukuka ndiko kusamuka, m'kalankhulidwe kathu ka m'tauni. Atate sankanena chinthu kawiri. Amayi anangopukuta khala m'manja. Ine ndinayang'ana mzere uja ngati mdani amene ndapatsidwa chaka chimodzi kuti ndimugonjetse, ngakhale sindinkadziwa ndi chiyani.

Chida ndinakachipeza kusukulu, kwa aphunzitsi athu a jogalafe, Ba Chisanga. Anali munthu wamtali wa kumpoto, kwawo kumapiri, ndipo choko chinkakhala m'tsitsi mwawo, m'makutu ndi pa tayi. M'kalasi mwawo munali mapu a dziko lonse, akale kwambiri moti mayiko ena omwe analipo anali atamwalira kalekale. Munalinso mpira wa dziko womwe unagwapo pansi n'kupindika chakum'mwera. Anatiyendetsa nawo m'zipululu ndi m'nyanja zamchere ife titakhala pamabenchi, ndipo ankatchula mayina a mitsinje ya kutali ngati akutchula abale awo. Zonsezo tinkazimva. Koma titafika pa makontuwa, kalasi lonse linatitimira.

Makontuwa ndi timizere tofiirira tokhotakhota ta pamapu, tolumikiza malo omwe ali pa msinkhu umodzi. Tikathithikana ndiye kuti pali phiri, tikatalikirana ndiye kuti m'pachidikha. Ba Chisanga ankatiuza kuti titseke maso tiganizire phiri. Tinkatseka maso n'kuona mdima. Ana a ku Kanyama phiri tikanaliona kuti? Chinthu chachitali chomwe ambiri a ife tinakwerapo chinali mulu wa zinyalala wa kumsika. Tsiku lina anabweretsa mbatata yaikulu yophika, n'kuidula mapisi mapisi kuti ationetse mmene phiri limagawikira m'mizere. Atatembenuka kuti alembe pabolodi, mnzanga Mwansa, amene ndinkakhala naye benchi limodzi, anadya nsonga ya phirilo. Pofika kumapeto a phunziro panali patatsala chigwa chokha.

Ndiye m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anatitulutsa m'kalasi. Aliyense anapatsidwa lula ndi pepala, n'kulowa m'komboni, fumbi likutikwera m'miyendo. Anatiimika pa nyumba ina n'kutionetsa chizindikiro cha matope chomwe madzi a dzinja anasiya pakhoma. Chinali cha m'kakolo. Tinayenda pang'ono, pa nyumba ina chinali cha m'mawondo. Patsogolo pake, cha m'chiuno.

"Manzi ni yamozi," anatero Ba Chisanga. "Siyakondela munthu, yagona chabe pa levulo imozi. Manje chifukwa chani apa yafika mu chiuno, paja mu kakolo?"

Tinayang'ananso khomalo. Kenaka china chake chinatseguka m'mutu mwanga, ndipo ndikulumbira kuti ndinachimva kulira ngati chitseko. Si madzi omwe ankakwera. Ndi nthaka yomwe inkatsika. Kanyama yemwe ndinkamuona ngati tebulo anali ndi mapiri ake ndi zigwa zake, zobisika pansi pa mapazi athu, ndipo madzi anali atatijambulira kale mapu pa khoma lililonse.

Masabata atatu otsatira ndinayeza makoma onse a mbali yathu. Ndinayeza nyumba, zimbudzi, tchalitchi ndi chigayo. Agalu awiri anandiluma, ndipo mayi wina anandithira madzi otsukira mbale poganiza kuti ndatumidwa ndi a khonsolo. Mtunda ndinkauwerenga ndi mapazi. Kenaka ndinalumikiza malo ofanana msinkhu ndi pensulo yofiirira, ndipo mapu anatuluka. Nyumba yathu inali pakati penipeni pa mbale. Agogo akanafuna kusankha malo oipa mwadala sakanakwanitsa chonchi. Koma ndinaonanso china: kuseri kwathu, kupitirira kanjira kokwera pang'ono, nthaka inkatsetserekera ku dzenje lalikulu lomwe anthu ankakumbamo miyala kale. Kanjira kaja ndiko kanali mlomo wa mbale. Kungokadula, madzi athu akanapeza kolowera.

Ba Chisanga anawayang'ana mapuwo nthawi yaitali. Anandipatsa malikisi asanu ndi anayi pa khumi. Limodzi anandidula chifukwa ndinaiwala muvi woloza kumpoto.

"Mapu yabwino, mwaiche," anatero, kunditchula mwana m'chinenero cha kwawo. "Koma munthu angasobe nayo." Kusoba ndiko kusochera.

Sindinawauze zomwe ndinkafuna kuchita nawo. Sukulu itatsekera mu Disembala, ndinabwereka piki ndi fosholo, n'kumukumbutsa Mwansa za mbatata ija mpaka anavomera kundithandiza. Nthaka ya ku Kanyama ndi yokuya ngati chikhatho, pansi pake ndi mwala wokhawokha. Piki inkadumpha n'kutulutsa moto. M'manja mwanga munatuluka matuza, ndipo matuzawo anabala ana awo. Anthu odutsa ankaima kutifunsa ngati tapeza golide. Atate ankasoka pakhonde, akutiyang'ana pamwamba pa magalasi. Koma tsiku lina ndinapeza chogwirira cha piki chitakulungidwa bwinobwino ndi zidutswa za nsalu, zosokedwa ndi ulusi wakuda. Sindinafunse, iwonso sanatchule.

Ngalande inatha Khirisimasi itangodutsa. Inali yokhota ngati njoka yodwala, koma inkatsika, ndipo ndinaiyesa ndi ndowa zitatu za madzi zomwe amayi sanandikhululukire.

Mvula yeniyeni inabwera Loweruka lina masana, kumapeto kwa Januwale. Kumwamba kunada, malata anayamba kulira, ndipo ine ndinaima pabwalo osavala malaya. Madzi anasonkhana pakhomo pathu monga mwa chizolowezi chawo, anazungulirazungulira ngati akufuna chitseko, kenaka anaona ngalande. Analowamo. Anathamanga, ofiira, atasenza mapepala ndi patapata wa munthu wina, kudutsa kanjira kaja mpaka kukagwera m'dzenje. Pabwalo pathu panaoneka nthaka. Anthu oyandikana nafe anatuluka ndi maambulera kudzaonerera. Mwansa anavina. Amayi anaimba nthungululu, ndipo atate anatuluka pakhonde, anayang'ana ngalandeyo kuchokera kumutu mpaka kumchira, n'kunena kuti, "Hm." Kwa atate anga limenelo linali phwando la ukwati.

Tinakhala milungu iwiri pouma. Ndinkayenda m'komboni ngati nduna.

Ndiye m'mawa wina, kunja kuli dzuwa, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe, mlongo wanga anati pansi pakuzizira. Tinayang'ana. Pa simenti ya pabalaza, m'ming'alu momwe tinkasesamo tsiku ndi tsiku, munkatuluka madzi. Sanali ofiira ngati a mvula. Anali oyera, odekha, otumphuka pang'onopang'ono ngati munthu wolowa m'tchalitchi mochedwa. Ndinathamangira ku ngalande yanga. Inali yodzaza, madzi ake ataima chilili, ndipo dzenje lija linali lasanduka nyanja. Ine ndinali nditatseka khomo, mdani n'kudzera pansi pa bedi.

Madziwo anakwera masiku anayi. Tsiku lachisanu anafika pa mzere wa atate, anapumirapo pang'ono ngati akundipatsa ulemu, kenaka anaupitirira ndi zala zitatu. Atate anayamba kumasula makina awo.

Lolemba ndinapita kwa Ba Chisanga, nsapato zili m'manja, n'kuwafotokozera zonse. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi, choko n'kuwonjezereka.

"Manzi ya pansi pa nthaka," anatero motsitsa mawu. "Pansi pa Kanyama pali mwala wa mabowo. Ukazula, manzi yabwela kuchokela pansi. Iyo topiki tizaphunzila temu yachibili." Kuzula ndiko kudzaza. Anavalanso magalasi. "Sembe ninayamba nayo, mwaiche," anatero, kudandaula kuti akanayamba ndi phunziro limenelo.

Tinasamuka mu Epulo, pa lole ya munthu wa kutchalitchi kwathu. Ine ndinakhala pamwamba pa matiresi, nditafungatira mutu wa makina, ndikuyang'ana denga lathu likucheperachepera mpaka linabisika kuseri kwa chigayo. Ku Matero nyumba inali youma. Aliyense anali ndi pogona pakepake, ndipo sitinaunjikanenso pabedi limodzi. Temu yachiwiri tinaphunziradi za madzi a pansi pa nthaka. Ndinakhoza malikisi onse. Panalibe wondiposa, popeza enawo anangowawerenga, ine ndinali nditagonamo.

Masiku ano ana anga sadziwa kupinda mapu a pepala. Dziko lonse lili m'foni, ndipo ukasuntha chala umachoka ku Chawama n'kukagwera kutsidya la nyanja. Jogalafe amaphunzira ndi zithunzi zojambulidwa kuchokera kumwamba, zoonetsa ngakhale zovala zoyanikidwa pachingwe. N'zabwino, sindikutsutsa. Kungoti palibe amawatulutsa padzuwa kukagwira khoma la munthu.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi anandipezera malo athu akale pafoni, ndipo ndinakwera basi kupita ku Kanyama ndikutsatira mawu a mayi wa m'fonimo. Anandikhotetsa kumanja, anandikhotetsa kumanzere, m'misewu yomwe kale kunalibe. Pomaliza anati ndafika. Ndinaima pakati pa shopu yogulitsa simenti ndi mpanda wautali wa mabuloko wokhala ndi mabotolo osweka pamwamba. Dzenje lija analikwirira n'kumangapo. Ndinayesa kuwerenga mapazi kuchokera pomwe ndinkaganiza kuti panali kanjira, koma miyendo yanga inatalika, ndipo chiwerengero chinakandisiya pakati pa msewu.

Ndinaima pamenepo nthawi ndithu, mpaka mayi wina wogulitsa tomato m'mbali mwa mpandawo anandiitana.

"Ba tate, mwasoba?"

"Ee, amai."

"Mufuna kuti? Kuno niziba ponse."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze, koma ndinapeza kuti palibe chomwe ndingatchule chimene iye anachionapo. Ndinagula tomato wa mulu umodzi, yemwe sindinkamufuna, n'kubwerera kukakwera basi.